Za Kukwera ndi Kuphwa kwa Nyanja Yathu

Tiyenera kukumbukira kuti nyanja imene itidyetsa siikhala pa malire amodzi. Mboni za ici ziri zitatu.

Yoyamba ndiyo mbiri yolembedwa. Pamene sitima ya Ilala inalowa m'nyanja m'caka ca 1875, inadzera mu mtsinje wa Shire. Koma pofika 1915 madzi anatsika, mcenga ndi mabango zinatseka poturukira pace, ndipo Shire sanalandirenso madzi a m'nyanja kufikira 1935. M'caka ca 1980, ndiponso ca 2024, madzi anakwera namiza minda ndi nyumba.

Yaciwiri ndiyo nthaka. Mizere ya mcenga ndi timiyala tosalala, yotsalira kutari ndi gombe, ionetsa pamene mafunde anali kufika. Mapale a mbiya zakale, monga aja anakumbidwa ku Nkope, aonetsa pamene panali pouma, pokhala anthu.

Yacitatu ndiyo matope a pansi pa nyanja, ounjikana caka ndi caka. M'caka ca 2005 akatswiri anaboola matopewo, napeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunali cirala coopsa, ndipo madzi anatsika mamita oposa 500.

Cifukwa cace, inu akatekisti, pofuna kumanga sukulu kapena nyumba ya mapemphero, muyambe mwafunsa akulu ndi kupenya nthaka, nimumange kumtunda kwa malire akale. Pakuti pamene madzi anagona kale, adzagonanso.