Ochemerera Flames Kunja kwa Dziko: Kuchokera pa Wailesi Kufika ku Joni

Pamene Malawi inkatenga chikho cha CECAFA ku Nairobi mu 1979, itagonjetsa eni bwalo a Kenya 3-2, Amalawi amene anaona ndi maso anali owerengeka. Ena tonse tinachemerera ndi makutu. Masiku amenewo pasipoti sinali ya aliyense, ndipo m'midzi yozungulira mishoni ya Nguludi, monga kwina konse, mpira wakunja unkafika kudzera pa MBC: wailesi imodzi pakhonde, mabatire oanikidwa padzuwa kuti akoke mphamvu, abambo atakhala mozungulira. Wosewera Kinnah Phiri ambiri ankangomudziwa dzina, nkhope ayi.

Mu 1984, Flames itapita koyamba ku Africa Cup of Nations, zinthu zinali chimodzimodzi. Masewero ake anali ku Bouaké, m'dziko la Ivory Coast, kutali ndi njira zonse zimene Mmalawi ankadzera posaka ntchito. Anyamata anafanana mphamvu ndi Nigeria 2-2 pamaso pa anthu achilendo okhaokha. Sapota wa Malawi kunja amapezeka kumene kuli matchona. Kumene anthu athu sanapiteko kukagwira ntchito, timu imasewera ngati mwana wamasiye.

TVM inayamba mu 1999, pambuyo pake kunabwera madishi ndi nyumba zoonetsera mpira m'misika. Ku Nguludi, Catholic University itatsegulidwa mu 2006, kunachuluka achinyamata ovala majezi a Arsenal ndi Manchester United, okangana mpaka usiku za mabwalo amene sanapondepo. Kuona kunatheka, koma kupita kunali kwa olemera basi.

Pa 29 Malichi 2009 tinaona mbali ina ya chikondi cha mpira. Ku Abidjan, anthu ofuna kuona Didier Drogba akusewera ndi Flames anapanikizana pachipata cha bwalo la Félix Houphouët-Boigny, ndipo osachepera 19 anafa. Masewero anachitikabe, ife n'kugonja 5-0. Mpaka lero n'zovuta kumvetsa kuti wezulo inalira bwanji tsiku limenelo.

Pasanathe chaka, pa 11 Januwale 2010, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anagoletsa zigoli zitatu zimene zinagwetsa Algeria ku Luanda. Bwalo linali pafupifupi lopanda anthu. Phokoso lonse linali kuno, m'misewu ya Limbe ndi Blantyre, kumene mahutala ndi mavuvuzela sanapatse anthu tulo.

Ku South Africa nkhani ndi ina. Njira imene makolo athu anatsegula pa nthawi ya Wenela sinatsekeke. Lero ana awo amakwera basi kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ogwira ntchito m'magaladeni, m'mashopu ndi m'nyumba za anthu ndi amene amanyamula mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira mpikisano wa COSAFA ukachitikira kumeneko. Kwa munthu amene masiku onse amayankhula motsitsa mawu poopa kudziwika kuti ndi wobwera, mphindi 90 zokuwa m'Chichewa poyera si zamasewera. Ndi chifukwa chake kuchemerera kwa matchona kumaposa kwa ife okhala kumudzi.

Tsoka linali la mu 2021. Mabwalo athu atakanidwa ndi CAF, masewero a "pakhomo" anasamukira ku Orlando Stadium ku Soweto, pakati penipeni pa Amalawi a ku Joni. Richard Mbulu anagoletsa chigoli chogonjetsa Mozambique 1-0, koma zipata zinali zotseka chifukwa cha Covid-19. Chigoli chakutali cha Gabadinho Mhango polimbana ndi Morocco ku Yaoundé mu Januwale 2022 nachonso ambiri tinachionera pa kanema ndi pa foni. Mwayi unadza mu Okutobala 2023, pamene timu yathu ya amayi, Scorchers, inagonjetsa Zambia 2-1 ku Pretoria, dera limene Amalawi ndi ochuluka, n'kutenga chikho cha COSAFA cha amayi.

Akuluakulu a FAM, masapota akunja muli nawo kale, ndipo simunawalipirire ndege. Alengezereni masewero nthawi ilipo, asungireni malo awoawo m'bwalo, ndipo osewera azipita kukawapatsa moni mpira ukatha.