Nkhuku Zathu ndi Adani Ake: Zaka Khumi za Khola, Kabawi ndi Galu

M'masamba ena a kabukuka mwawerenga za chimanga, nandolo ndi nyumba yosungiramo zokolola. Ine andigawira nkhuku. Ena muona ngati ndi nkhani yochepa pa chikondwerero chotere, koma funsani mayi aliyense muno kuti ndalama ya sheya yake yoyamba anaipeza kuti. Ambiri akuuzani kuti anagwira tambala n'kupita naye kumsika. Ndalama ya kuchigayo, fizi ya mwana, thiransipoti ya kuchipatala, ndiwo ya mlendo, zonsezi zimayenda ndi miyendo iwiri pabwalo panupo. Choncho mbiri ya mmene takhala tikuzitetezera nkhukuzi ndi mbiri ya chuma chathu.

Tiyambire kale, kopaletivi isanabadwe. Kwa makolo athu nkhuku yachikuda inkadzisamala yokha. Inkagona mumtengo wa mango, pamwamba pa khitchini, kapena m'nyumba momwemo, anthu uku nkhuku uko. Sikuti agogowo sankadziwa kumanga khola ayi, paja nkhunda ankazimangira lalitali bwino. Koma yachikuda ndi yopepuka, imauluka, ndipo make amaiphunzitsa ikadali mwanapiye kuti chithunzi chikadutsa pansi ithawire pachitsamba. Adani ake anali a kutchire: vumbwe, nyenga, likongwe, nkhandwe, nsato, ndi kabawi kumwambaku. Galu nthawi imeneyo anali ndi ntchito. Ankapita kuuzimba, ankalondera mudzi, ndipo ankadziwika kuti ndi wa uje.

Kusintha koyamba kunachokera konkuno ku Chiradzulu. M'zaka za m'ma 1950 boma linayamba kufalitsa nkhuku za mtundu wa Black Australorp kuchokera ku Mikolongwe, n'chifukwa chake mpaka lero timangoti za Mikolongwe. Alimi ankazigula zili ndi masabata asanu ndi limodzi, cholinga chake kuti zikakweretsane ndi zachikuda, mbewu ikule thupi ndi kuikira mazira ambiri. Nkhuku yake ndi yabwino ndithu. Vuto lake n'loti imakulira m'khola la boma yopanda make. Siidziwa kabawi, siidziwa galu, ndipo ikakula kulemera kwake sikuilola kukwera mumtengo ngati inzake. Amene munagulapo mukudziwa mmene imayendera pabwalo masiku oyamba, ngati mlendo wa m'tauni. Tinalandira nkhuku yatsopano, koma kagonedwe kake tinasiya kakale komwe.

Chifukwa chosamangira makola chinalipo, ndipo sichinali ulesi. Chinali chitopa. Nyengo yotentha ikafika, matendawa ankasesa mudzi wonse m'masabata ochepa. Munthu akanavutikiranji kudula mitengo ndi nsungwi kumangira nkhuku zimene akudziwa kuti pofika Okutobala zidzakhala zitatha? Zimene galu watenga palibe ankaziwerengera. Zinali zakufa kale.

Pamene kopaletivi yathu inkayamba, ntchito yoyamba pa ziweto inali katemera wa I-2, uja wa kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse. Amapangidwa ku labotale ya boma ya zaziweto ku Lilongwe, ndipo ubwino wake ndi woti saonongeka msanga ndi kutentha ngati akatemera ena, moti amafika kumudzi panjinga atakulungidwa m'nsalu yonyowa. Nkhuku zinasiya kufa mwaunyinji. Koma pamisonkhano dandaulo silinathe, linangosintha. Thadzi lafungatira masiku 21, laswa anapiye khumi, koma pofika miyezi iwiri likuyenda ndi atatu. Enawo apita kuti, poti katemera tinapereka? Apa m'pamene tinamuona mdani wachiwiri, amene zaka zonsezi ankabisala kumbuyo kwa chitopa.

Zaka zoyambirira zinapita pa kuphunzira kumuzindikira, chifukwa aliyense amasiya chizindikiro chake. Kabawi ndi khwangwala amatola mwanapiye masana, osasiya kanthu, umangomva thadzi likulira. Likongwe ndi nyenga amalowera pampata woti simungauganizire, n'kuluma pakhosi kapena pamutu. Njoka imameza mazira. Linthumbu limabwera usiku nthawi ya dzinja, n'kupha thadzi lili pamazira pomwepo. Galu amapha zambiri kuposa zomwe angadye: nthenga mbwee bwalo lonse, mitembo apa ndi apo. Ndipo mukadzuka n'kupeza khola lili lotseka bwino, nthenga palibe, magazi palibe, koma atambala awiri onenepa kulibe, ameneyo ndi galu wa miyendo iwiri. Nkhani yake ndi ya kwa amfumu.

Kenako kunabwera khola la m'mwamba. Silinali lachilendo kwenikweni, koma kopaletivi ndiyo inalisandutsa chinthu cha aliyense. Mizati yotalika pafupifupi mita imodzi, pansi pa khola timitengo toyalidwa mothithikana kuti chitosi chizigwa koma mutu wa likongwe usalowe, chitseko cha mpiringidzo osati cha chingwe, makwerero ochotsa dzuwa likalowa. Ena anawonjezera zitini kapena zidutswa za malata pamizati kuti chokwera chiziterereka, ndi phulusa kuzungulira tsinde la mzati chifukwa cha linthumbu. Chitosi chogwera pansicho chinapita kudimba. Amene anali ndi ndalama anathamangira waya wa nkhuku, ndipo ambiri anakhumudwa, chifukwa waya wopyapyala uja amaletsa nkhuku kutuluka, koma galu wanjala amamung'amba kapena kukumba pansi pake. Mpanda wa waya wopanda miyala kapena njerwa m'munsi ndi ndalama yotaya. Kunena zoona, makola olimba kwambiri amene ndimawaona poyendera minda yanu ndi a nsungwi zokhwima, omangidwa ndi manja a eni ake.

Pa anapiye, chimene chinathandiza kwambiri n'chotchipa kuposa zonse: dengu lalikulu lolukidwa, lovundikira thadzi ndi ana ake masana kwa mwezi woyamba kapena kupitirira pang'ono, n'kumalisuntha pamthunzi. Kuvuta kwake n'kwakuti mwanapiye wotsekeredwa ayenera kudyetsedwa. Madeya okha sakwanira, pamafunika chiswe, tizinyenyeswa ta usipa, masamba ndi madzi oyera m'kambale kosazama. Amayi amene anapirira nazo ndi omwe lero akugulitsa nkhuku mwezi ndi mwezi. Tinaphunziranso kuti kusesa bwalo mpaka mbee si chitetezo. Udzu wautali pafupi ndi khola uchoke, inde, koma nandolo, chinangwa kapena nthochi pambali pa bwalo ndi pothawira nkhuku kabawi akatsika.

Tsopano galu. Ameneyu watitengera nthawi yaitali kuposa onse, chifukwa kabawi alibe mwini, koma galu ali naye, ndipo nthawi zambiri mwiniyo ndi mnansi, mlamu, kapena membala mnzanu wokhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Uzimba unatha chifukwa tchire linasanduka minda. Agalu anatsala opanda ntchito, ambiri osadyetsedwa, akuberekana chaka ndi chaka, n'kumadzifunira okha chakudya m'madzala ndi m'makola. Mukukumbukira mmene milandu yake inkathera kale. Wina wapha galu wa mnzake ndi mpini, mabanja awiri osalankhulana mpaka pamaliro. Wina waika Temik, uja timangoti tameki, mu mkute wa nsima. Galu wafa, inde, koma nkhuku zomwezo zajompha zotsalira, amphaka afa, ndipo nsima yapoizoni yagona pabwalo pomwe ana amakwawa. Njira imeneyi kopaletivi inaikana, ndipo ine ndimaiwerengera pakati pa zinthu zazikulu zimene inachita, ngakhale siioneka m'mabuku a ndalama.

M'malo mwake nkhani ya galu inachoka pakati pa anthu awiri okwiyirana n'kupita pabwalo, pamaso pa amfumu. Mgwirizano wake mukuudziwa: galu adyetsedwe pakhomo pake, amangiriridwe m'mawa pamene nkhuku zikutsegulidwa ndi madzulo pamene zikulowa, ndipo galu akapha nkhuku pali mboni, mwini wake abweze nkhuku yofanana nayo. Koma mgwirizanowo uli ndi mbali yachiwiri imene ena sankaifuna, yoti amene nkhuku zake zikugona panja usiku asadandaule. Mbali imeneyi ndi imene inamangitsa makola ambiri kuposa maphunziro onse amene ife alangizi tinachititsa.

Katemera wa chiwewe anathandizanso m'njira yomwe sitinaiyembekezere. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu mu mzinda wa Blantyre mu 2015, pambuyo pake ntchitoyo inafika m'maboma oyandikana nawo. Cholinga chake chinali kuteteza anthu, makamaka ana, ndipo akatswiri amati pafunika agalu 70 mwa 100 alionse abayidwe kuti matendawa asiye kufala. Koma galu wopita naye ku katemera ndi galu wokhala ndi mwini. Munthu amene wamukoka pa chingwe pamaso pa mudzi wonse sangadzanene mawa kuti samudziwa.

Namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, anatibweza m'mbuyo. Tinataya abale, nyumba ndi minda, ndipo pambali pa zimenezo nkhuku zinali kanthu kochepa. Komabe m'miyezi yotsatira, anthu ali m'misasa ndi kwa achibale, agalu osiyidwa anayenda m'magulu, ndipo nkhuku zopulumuka madzi zambiri zinathera kwa iwo. Mabanja amene makola awo a m'mwamba anaima ndi amene anapereka misoti kwa anzawo kuti ayambirenso. Ena a inu mukuwerenga pano, nkhuku zonse muli nazo lero zinachokera ku msoti umodzi wa nthawi imeneyo.

Sizinathe zonse. Agalu a m'midzi yomwe mulibe mamembala athu sadziwa za mgwirizano wa pabwalo, ndipo amabwerabe, makamaka nthawi ya njala kuyambira Januwale. Kuthena agalu aamuna timangokukamba pamisonkhano, koma ochita ndi ochepa. Makola ambiri a zaka zoyambirira mizati yake yadyedwa ndi chiswe, ndipo ena mwaiwona ikupendekeka koma mukuti mudzakonza mukakolola. Ogwira katemera wa chitopa akamadutsa ulendo ukubwerawu, tawapempha kuti azigwedezanso mzati uliwonse ndi kuyesa mpiringidzo wa chitseko asanalembe dzina lanu m'kaundula.