Ataliyana a ku Nyasaland pa Nkhondo ya Hitler

Pakati pa Azungu amene anadza kudzakhala m'dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi, panali mabanja a Ataliyana owerengeka. Wodziwika koposa anali Ignaco Conforzi, mwini minda ya tiyi ku Thyolo, amenenso anali kulima ndi kugula fodya m'Cigawo ca Pakati. Winanso anali Sabbatini, amene anamanga nyumba yaikulu yonga linga ku Mapanga, pa mseu wocokera ku Blantyre kunka ku Zomba. Ana ao anabadwira konkuno, namva Cinyanja kuyambira ali pamsana.

Tsono pa 10 June 1940 Mussolini, wolamula dziko la Italy, analowa nkhondo kumbali ya Hitler. Tsiku lomwelo Mtaliyana ali yense wokhala pansi pa mbendera ya Angerezi anasanduka mdani pamaso pa lamulo, ngakhale iye amene sanagwirepo mfuti. Minda ya Conforzi inaikidwa m'manja mwa mkulu wa Boma wosunga cuma ca adani, ndipo nyumba ya ku Mapanga ija inakhala malo otsekeramo anthu a maiko a adani. Mwana amene dzulo anali wa bwana wolemekezeka anaona makolo ace akuyenda mwa cilolezo ca apolisi.

Boma silinacite ici popanda cifukwa, pakuti nkhondoyo inali pafupi. Mu July 1940 asilikari a K.A.R. a ku Nyasaland anamenyana ndi Ataliyana ku Moyale, kumalire a Kenya, ndipo mu August a Northern Rhodesia Regiment anakumana nao ku Tug Argan, m'dziko la Somaliland. Midzi yambiri inalira ana ace. Komabe mlandu wa Mussolini unagwera ngakhale akazi ndi tiana, amene sanafunsidwe kanthu.

Abyssinia atagwa mu 1941, Ataliyana ambiri anatengedwa kunka ku misasa ya ku Southern Rhodesia, monga ku Gatooma, Umvuma ndi Fort Victoria. Pafupi ndi Fort Victoria, pamene lero pachedwa Masvingo, iwo anamanga kachalichi kokongola, ndipo m'menemo akumbukiramo anzao 71 amene anafera m'ndendemo osaonanso kwao.

Nkhondo itatha mu 1945 zinthu zinatembenuka. Banja la Conforzi linalandiranso minda yace. Kuyambira 1956 kampani ya Ataliyana, Impresit, ndiyo inamanga cipupa ca Kariba pa Zambezi, pamodzi ndi anchito zikwi a ciAfirika. Boma lomwe linawatsekera dzana linawaitana kudzatseka mtsinje.

Ifenso tadziwa kuweruzidwa cifukwa ca mtundu wathu, osati cifukwa ca zocita zathu. Motero nkhani ya ana a Ataliyana aja si yacilendo kwa ife, pakuti akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.