Ganyu wa cholembera: kuchokera ku Grub Street kufika ku Nairobi

Pa 30 Novembala 2022 kampani ya OpenAI ya ku San Francisco inatsegulira aliyense pulogalamu ya ChatGPT. Kuchokera tsiku limenelo, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi yoti makina alanda ntchito ya alembi aganyu, anthu amene alibe ofesi kapena malipiro a pamwezi koma amalembera ena nkhani, malipoti ndi zotsatsa malonda n'kulandira ndalama pa chimene alemba. Nkhaniyi si yabodza. Vuto lake ndi loti imayambira pakati, ngati munthu amene wafika pa siwa usiku n'kumaganiza kuti matenda anayamba dzulo. Mbiri ya ganyu ameneyu ndi ya zaka zoposa 300, ndipo ukaitsata bwino umaona kuti AI inapeza ntchitoyi itaduladulidwa kale, dzina la mlembi litafufutidwa kale, mtengo utagwetsedwa kale. Anachita zimenezo ndi anthu, osati makina.

Mumzinda wa London munali kamsewu kotchedwa Grub Street, kufupi ndi Moorfields. Mu 1695 lamulo la ku England loti chosindikizidwa chilichonse chiyambe chapatsidwa chilolezo linatha mphamvu, ndipo nyumba zosindikizira mabuku ndi nyuzipepala zinachuluka. Makina osindikizirawo ankafuna mawu tsiku ndi tsiku, choncho alembi osauka anadzaza m'tizipinda ta lendi ta m'dera limenelo. Ankalemba chilichonse chimene wosindikiza wafuna: timabuku ta ndale, mbiri za akuba amene anyongedwa, ndakatulo zotamanda wolemera amene walipira. Malipiro nthawi zambiri ankawerengedwa pa pepala, ndipo mlembi akalandira zake, ntchitoyo inali ya wosindikiza. Aliyense amene anagwirako ganyu wopalira akudziwa dongosolo limeneli. Mwini munda amawerenga mizere, safunsa kuti khasu linali m'manja mwa ndani, ndipo chimanga chikacha waganyu sakhala ndi gawo.

Samuel Johnson, amene lero amalemekezedwa ngati mmodzi mwa akatakwe a Chingelezi, anadutsa m'moyo umenewu. Anafika ku London mu 1737 alibe kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1740 ankalembera magazini ya Gentleman's Magazine zokambirana za m'nyumba ya malamulo. Nthawi imeneyo kusindikiza zokamba za aphungu kunali koletsedwa, choncho magaziniyo inkanamizira kuti ndi za m'dziko lopeka la Lilliput. Johnson sankakhala n'komwe m'nyumbayo. Ankapatsidwa timanotsi tochepa, mwina mayina a olankhula ndi mbali imene anaima, kenako iye ankapeka mawu onse ali m'chipinda mwake, ndipo owerenga ambiri ankakhulupirira kuti aphungu analankhuladi choncho. Lero timadzudzula ChatGPT chifukwa chopeka zinthu molimba mtima. Msika unkagula kale katundu wotere kwa munthu wanjala. Mu 1759 Johnson yemweyo analemba buku la Rasselas m'madzulo a sabata imodzi kuti apeze ndalama za maliro a mayi ake. Chinamupulumutsa ndi dikishonale ya mu 1755 imene inali ndi dzina lake pachikuto, ndi penshoni ya mapaundi 300 pachaka imene boma linamupatsa mu 1762. Anzake ambiri a mumsewumo sitiwadziwa mayina, ndipo msewuwo unasinthidwa dzina mu 1830 kukhala Milton Street.

M'zaka za m'ma 1800 nyuzipepala za ku Britain zinali ndi atolankhani aganyu olipidwa peni imodzi pa mzere uliwonse, ndipo dongosolo lolipira pa mzere kapena pa liwu linapitirira mpaka intaneti itabwera. Intanetiyo inangolikulitsa.

Chitsanzo chabwino ndi kampani ya Demand Media ya ku California, yomwe inayamba mu 2006 ndipo inali mwini wa tsamba la eHow. Kumeneko mutu wa nkhani sunkachokera kwa mkonzi. Pulogalamu ya kompyuta inkaona zimene anthu akufufuza pa Google, n'kuwerengera kuti otsatsa malonda angalipire zingati pa mutu umenewo, kenako n'kuuponya pa mndandanda. Alembi aganyu masauzande ankasankha mitu pa mndandandawo n'kulemba motsatira chikombole chimodzi, pamtengo wa madola pafupifupi 15 pa nkhani. Kuti upeze ya lendi unkayenera kulemba zingapo pa tsiku, choncho nthawi yofunsa katswiri kapena yopita kukaona chinthu ndi maso panalibe. Unkangowerenga zimene ena alemba kale pa intaneti n'kuzisanja mwatsopano. Mu Januwale 2011 kampaniyo inalowa pamsika wa masheya ndipo mtengo wake unafika pafupifupi madola 1.5 biliyoni, kuposa wa kampani ya nyuzipepala ya New York Times panthawiyo. Mwezi wotsatira Google inasintha kasanjidwe ka zotsatira zake, kusintha kotchedwa Panda, pofuna kukankhira pansi masamba a nkhani zopanda mnofu. Pasanathe chaka ntchito ya alembi ambiri a kumeneko inauma.

Taonani ntchito imene alembiwo ankagwira: kulandira mutu, kusonkhanitsa zolembedwa kale, kuzibweza m'mawu ena mwachangu, osaonetsa maganizo awo. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni imene ChatGPT imagwira. Zaka khumi makinawo asanabwere, anthu anali ataphunzitsidwa kale kulemba ngati makina, ndipo zimene zinali pa masamba oterewa ndi mbali ya mulu wa zolemba za pa intaneti umene makina anadzaphunzirapo.

Pomwe izi zinkachitika ku America, misika ya ganyu wa pa intaneti inkatsegukira dziko lonse. Fiverr inayamba mu 2010 ndi ntchito za madola 5. Elance ndi oDesk zinaphatikizana, ndipo mu 2015 zinakhala Upwork. Mlembi wa ku Ohio tsopano ankapikisana ndi wa ku Manila, Lahore ndi Nairobi. Ku Kenya zinthu zinakumanizana bwino: mu 2009 nthambo za intaneti zodutsa pansi pa nyanja, SEACOM ndi TEAMS, zinafika ku Mombasa, M-Pesa inalipo kuyambira 2007, Chingelezi ndi chilankhulo cha sukulu, ndipo mayunivesite ankatulutsa achinyamata ambiri kuposa ntchito zimene zinalipo. Mbali yomalizayi sikufunika kuti ndiifotokozere munthu amene ali ndi digiri m'chikwama koma akuyendabe ndi envelopu ya khaki.

Ena mwa achinyamatawo ankalemba nkhani za masamba a malonda. Koma ganyu wonona kwambiri anali wolembera ophunzira a ku America, Britain ndi Australia ntchito zawo za kusukulu. M'madera a Nairobi monga Roysambu ndi Kasarani munali nyumba momwe achinyamata ankachezera usiku wonse pa laputopu, chifukwa usiku wa ku Nairobi ndi masana a kasitomala wa ku America. Ganyuyu anali ndi makwerero ake. Pamwamba panali tsamba la kunja lomwe linkalandira ndalama kwa wophunzira n'kudulapo gawo lalikulu. Pakati panali mwini akaunti, munthu amene anatsegula kapena kugula akaunti yokhala ndi mbiri yabwino pa tsambalo, pakuti maakaunti ankagulitsidwa ngati malo. Pansi panali mlembi weniweni, wolipidwa pa tsamba lililonse, amene lero alemba za unamwino, mawa za mbiri ya nkhondo, mkuja za malamulo a zamalonda. Patricia Kingori, pulofesa wa ku Oxford wobadwira ku Kenya, wafufuza za anthu amenewa, ndipo kafukufuku wake ndiye maziko a kanema wa mu 2024 wotchedwa The Shadow Scholars.

Sindikuikira kumbuyo ntchitoyi. Ndi kubera mayeso, ndipo namwino amene wina anamulembera maphunziro ake ndi woopsa kwa wodwala. Australia inailetsa mwalamulo mu 2020, England mu 2022. Koma pali chinthu chimene chimandiwawa ndikaiganizira. Mnyamata wa ku Nairobi anali ndi nzeru zokhoza maphunziro a yunivesite imene sakanapatsidwa n'komwe viza yokaiona, ndipo anawakhozadi, mwina kangapo, koma digiri inatuluka m'dzina la wina. Ndi Grub Street yomwe ija, yangosamukira kum'mawa kwa Africa.

ChatGPT itabwera, wophunzira wa ku Texas anapeza mlembi waulere amene sagona. Pofika Epulo 2023 tsamba la nkhani la Rest of World linali litalemba kale za alembi a ku Kenya amene maoda awo anatsika kwambiri m'miyezi yochepa. Panalibe kalata yochotsedwa ntchito, panalibe chipukutamisozi, chifukwa panalibe bwana. Foni inangosiya kulira.

Ofufuza atatu, Xiang Hui, Oren Reshef ndi Luofeng Zhou, anayeza zimene zinachitika pa Upwork m'miyezi yoyambirira. Anapeza kuti alembi ankapeza ntchito zocheperapo ndi 2 peresenti pamwezi, ndipo ndalama zawo zinatsika ndi pafupifupi 5 peresenti. Manambalawa akuoneka ochepa, koma ndi a miyezi yoyamba chabe. Chimene chimandisowetsa mtendere m'kafukufukuyu ndi china: alembi amene anali ndi mbiri yabwino kwambiri sanatetezeke, ndipo zikuoneka kuti ndi amene anapwetekeka kwambiri. Izi zikutsutsa malangizo amene timapatsana m'makalasi ndi pa WhatsApp, oti ungolimbikira kukhala katswiri, makina sakukhudza. Pamsika woti wogula sakudziwa nkhope yako, ukatswiri wako ndi nyenyezi zisanu pambali pa chithunzi. Akapeza chinthu chongokwanira pa mtengo wa ziro, nyenyezizo sazionanso.

Tsopano yerekezani ndi alembi a mafilimu a ku Hollywood. Nawonso ambiri ndi aganyu, amachoka pa filimu ina kupita pa ina. Koma ali ndi bungwe, Writers Guild of America, la mamembala oposa 11,000, ndipo mayina awo amaoneka pa filimu. Pa 2 Meyi 2023 ananyanyala ntchito, ndipo anakhala kunja masiku 148. Pangano limene anasaina linanena kuti zolemba za AI sizingawerengedwe ngati ntchito ya mlembi, ndiponso kuti kampani singakakamize mlembi kugwiritsa ntchito AI. Olemba mabuku nawo anapita kukhoti, ndipo mu 2025 kampani ya Anthropic inavomera kulipira madola 1.5 biliyoni, pafupifupi madola 3,000 pa buku lililonse, chifukwa cha mabuku amene inatenga m'masamba a zakuba. Makina ndi omwewo, koma zotsatira zasiyana. Amene anali ndi dzina pa ntchito yake ndi anzake oima nawo anapezako kena. Mlembi wa ku Roysambu sangasumire aliyense, pakuti palibe tsamba ndi limodzi lomwe pa dziko lapansi limene lili ndi dzina lake.

Sikuti ganyu anatheratu. Anasintha nkhope. Mu Epulo 2023 kampani ya Turnitin, imene mayunivesite amagwiritsa ntchito pogwira okopera, inayamba kufufuzanso zolembedwa ndi AI. Pomwepo panabadwa ntchito yatsopano: kutenga zimene makina alemba n'kuzikonza kuti zimveke ngati walemba ndi munthu. Kasitomala amati ntchito yaikulu yagwiridwa kale ndi kompyuta, choncho amalipira zochepa, ngakhale kuti kuwongola chiganizo chilichonse ndi kufufuza mabuku amene makina apeka kumatha kudya nthawi yofanana ndi kulemba wekha. Manyuzipepala ena anayesa kudumpha mlembi n'kupsa zala. Tsamba la CNET linasindikiza nkhani 77 zolembedwa ndi AI, ndipo mu Januwale 2023 linakakamizika kukonza zolakwika mu 41 mwa izo. Koma manyazi oterowo sanabweze mitengo ya alembi pomwe inali.

Ganyu wina amene anatsala ndi wodyetsa makinawo. Mu Januwale 2023 magazini ya TIME inaulula kuti, ChatGPT isanatuluke, OpenAI inagwiritsa ntchito kampani ya Sama ku Nairobi, komwe achinyamata ankawerenga ndi kuika zizindikiro pa zolemba zonyansa za nkhanza, kugwiririra ndi kupha, kuti makina aphunzire kuzipewa. Ankalandira pakati pa madola 1.32 ndi 2 pa ola. Mzinda womwewo umene alembi ake anataya maoda ndi umene unatsuka chida chimene chinawalanda maodawo. Pa 1 Meyi 2023 ogwira ntchito zoterezi oposa 150 anakumana ku Nairobi n'kuvota kuti akhazikitse bungwe lawo, chinthu chimene alembi a ku Grub Street sanakhale nacho.

Ena mwa amene anasiya kulemba anathamangira ku Remotasks, tsamba la kampani ya Scale AI, komwe munthu ankalipidwa pa kantchito kalikonse kophunzitsa makina. Mu Malichi 2024 tsambalo linatsekera anthu onse a ku Kenya mwadzidzidzi. Anadzuka m'mawa, natsegula laputopu, n'kupeza uthenga woti ntchitoyo sikupezekanso m'dziko lawo.