Mbiri ya nyama ya soya: idalowa bwanji m'miphika yathu?

Abale anga a kumudzi kuno ndi inu a m'tauni, lero ndati tikambeko za ndiwo ija imalendewera pa chingwe m'maokala monse, nyama ya soya, imene ana athu amati soya pieces. Ana obadwa dzana amayesa idalipo chikhalire. Ayi ndithu, ndi yobwera, ndipo maganizo a ogula pa ndiwo imeneyi asintha ife tikuona.

Tiyambe ndi nkhuli. Kale nyama sidali ya tsiku ndi tsiku. Mbuzi inkafa pa ukwati, pa sadaka kapena pa Khirisimasi, nkhuku pakabwera mlendo. Masiku ena onse kudali nkhwani wotendera, khobwe, nandolo, chigwada. Nkhuli ikakula, anyamata ankakumba mbewa m'chilimwe, mvula ikagwa tinkagwira ngumbi, amayi n'kukazula bowa wa utale, amene akapsa bwino amatafunika ngati chiwindi. Anzathu a kumpoto ndi a ku Zambia ali ndi chinaka, ena amati chikande: amasinja timizu ta m'tchire, kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo, n'kuphika mpaka kulimba, kumachita kudula ndi mpeni. Ndiye nzeru yonyenga nkhuli ndi zomera njakalekale, agogo athu adaidziwa fakitale isanabwere.

Soya kwawo ndi ku China, komwe akhala akulimidwa zaka masauzande. Kuno ambirife tidamudziwira m'phala. Likuni Phala adayambira pa chipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1960, pofuna kupulumutsa ana onyentchera, ndipo m'kupita kwa nthawi chimanga ndi soya ndizo zidakhala zopangira zake zenizeni. Apa mpamene soya adatengera mbiri yoti ndi chakudya cha kusikelo ya ana, osati cha munthu wamkulu wabwinobwino. Komanso amene adayesa kumuphika ngati nyemba adataya nkhuni pachabe, sapsa msanga ndipo kafungo kake kamabweza mtima. Tidaphunzira kuti ayenera kuyamba wakazingidwa asanapite kuchigayo.

Nanga zidutswa zonga nyama zija? Njira yake adaitulukira ku America m'zaka za m'ma 1960, kampani ya Archer Daniels Midland ndiyo idaitchukitsa. Akafinya mafuta mu soya, zotsalira zija amazipera, kuthira madzi pang'ono, n'kuzikankha mwamphamvu m'makina otentha kwambiri. Potuluka zimafufuma, zimachita ulusiulusi ngati mnofu, kenako amaziumitsa. Basi, palibe matsenga. Ndanena izi chifukwa mapaketi atayamba kuoneka kwathu kuno, mmene ndikukumbukira ndi cha m'ma 2000, kudamveka zambiri. Ena ankati ndi siponji ya matiresi, ena ankati ndi chakudya cha agalu cha azungu, abambo ena pabawo ankanong'onezana kuti zimafoola m'nyumba. Koma omwe ankanenawo ana adapitiriza kubereka, ife mboni.

Masiku amenewo kugula soya kudali ndi kamanyazi. Mayi ankapempha paketi motsitsa mawu n'kuibisa m'chitenje, kuopa kuti anzake anena kuti pakhomo pawo pagwa chilala. Ana a sukulu zogonera ndiwo adaidya kwambiri, ena mpaka lero safuna kuionanso m'mbale.

Chidachotsa manyaziwo ndi thumba. Mu Meyi 2012 kwacha idagwa pafupifupi ndi theka, mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, ndipo ulendo uliwonse mtengo wa kubucha unkathawa kutisiya m'mbuyo. Chambo chidasanduka cha mabwana. Usipa ndi bonya, zimene tinkati ndiwo za amphawi, mulu wake udachepa mpaka kukwana m'dzanja la mwana. Kumudzi chitopa chikadutsa khola la nkhuku limatsala pululu, chigodola nacho sichisiya nkhumba. Pamenepo mayi wowerengera adaona kuti paketi ya soya siwola, sifuna firiji, imakhala miyezi pa alumali, ndipo imapsa msanga kuposa nyemba zimene zimamaliza makala. Ukainyika m'madzi otentha, kufinya bwinobwino, kukazinga ndi mafuta mpaka ifiire, ndiye kuthira anyezi ndi tomato, nsima imatsika. Amene amati njoipa ambiri adadya yongowiritsa, yonona madzi. Palinso amene adailandira pa zifukwa za chipembedzo: a Seventh Day amene amalimbikitsa kudya zamasamba, Akatolika amene amasala nyama Lachisanu pa nyengo ya Lenti, ndiponso pa msonkhano wa anthu osakanikirana palibe wofunsa kuti wazinga ndani. Lero ngakhale aphunzitsi ndi anamwino amagula poyera, wokala asowa cholendewera pa chingwe ngati alibe soya.

Inu achibale a ku Johannesburg ndi ku London mumatiuza zina. Kumeneko makampani ngati Beyond Meat amapanga mabega a zomera ogulitsidwa mokwera kuposa nyama yeniyeni, ndipo ogula ake ndi anthu oti ndalama ya ng'ombe ali nayo, koma akuti akumvera chisoni ziweto, ena akuopa matenda a mtima, ena akudandaula za kusintha kwa nyengo. Zabwino zimenezo, koma si nkhani yathu. Kuno munthu akapeza ganyu wabwino amathamangira kuchiwaya kapena kukagula mang'ina, soya amadikira pakati pa mwezi. Ndiponso pali malo amene sidafikebe. Pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana tambala ndi thadzi, ndani adaonapo akusinthana mapaketi? Apongozi akabwera n'kuwapatsa soya nkhuku zikuyendayenda pabwalo, nkhani yake ikafika kwa amalume dzuwa lisanalowe.

Chimene chimandiwawa ine monga mlimi ndi ichi. Fodya atayamba kutigwiritsa mwala, ambiri ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Ntchisi tidatembenukira ku soya, makamaka itatuluka mbewu yocha msanga ya Tikolore mu 2011. Safuna feteleza wambiri, amasiyanso chonde m'munda. Koma Epulo ndi Meyi, fizi ndi ngongole zitatipanikiza, mavenda amapachika masikelo pa mtengo uliwonse n'kutigula motchipa. Kufakitale amachotsamo mafuta ophikira n'kutigulitsa, keke wina amadyetsa nkhuku zoyera zimene inu a m'tauni mumagula, winayo ndiye amabwerera kuno m'kapaketi kokongola. Tsiku lina muwerenge magalamu olembedwa pa paketipo, muone mapaketi angati akukwana kilo, ndiye mufanizire ndi mtengo umene venda adakupatsani pa kilo ya soya wanu. Ine chaka chino ndasungako thumba limodzi la phala la adzukulu, matumba ena onse adapita pa sikelo mu Meyi.