Nyimbo za Khirisimasi zinafika bwanji kunyanja kuno, nanga yathu ija inapita kuti?

Ku Salima mwezi wa Disembala sitiudziwira pa kalendala. Timaudziwira pa mango odzaza m'malichero pa Kamuzu Road, pa ngumbi zimene zimatuluka mvula ikangokata, komanso pa sipika ya m'shopu imene imayamba kuliza Boney M kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kuchokera paboma mpaka ku Senga Bay, wakabaza, mayi wogulitsa usipa, Mkhristu ndi Msilamu yemwe, onse nyimboyo amaidziwa, ngakhale ambiri mawu ake amangowang'ung'udza. Kutchalitchi nakonso kuli nyimbo za m'buku zimene zimatuluka kamodzi pachaka. Zonsezi timazitcha zathu. Ine ndakhala ndikulondola mapazi a nyimbozi chobwerera m'mbuyo, ndipo ndaona kuti zinafika kuno pa njira ziwiri, ina ya panjanji ndi wailesi, ina ya pamadzi. Palinso njira yachitatu, yotuluka, imene sitiikamba kawirikawiri, ndipo ndi imene ikundisowetsa mtendere.

Tiyambe ndi yaphokoso ija. Nyimbo ya "Mary's Boy Child" si ya Boney M. Anaipeka ndi Jester Hairston, munthu wakuda wa ku America amene anabadwa mu 1901 ku North Carolina, mdzukulu wa akapolo, katswiri wophunzitsa makwaya. Maimbidwe ake anayamba wawapekera phwando la tsiku lobadwa la munthu wina, mwa kayimbidwe ka kalipso ka ku Caribbean, mulibe Mariya, mulibe khola la ng'ombe. Atapemphedwa kuti apeke nyimbo ya Khirisimasi anangotenga maimbidwe omwewo n'kuwaveka mawu atsopano. Harry Belafonte anaijambula mu 1956, modekha ngati woguguza mwana, ndipo mu 1957 inafika pa nambala wani ku Britain.

Imene timavina ifeyi ndi ya mu 1978. Boney M linali gulu la ku West Germany limene anakonza ndi Frank Farian. Anthu anayi amene timawaona atavala zikhoti zoyera zaubweya aja anali a ku Caribbean: Liz Mitchell ndi Marcia Barrett a ku Jamaica, Maizie Williams wa ku Montserrat, ndi Bobby Farrell wa ku Aruba. Mawu aamuna a besi amene amamveka m'nyimbo zotchuka za gululi ankaimba mu situdiyo ndi Farian mwiniwake, mzungu wa ku Germany, pomwe Farrell ntchito yake yaikulu inali kuvina pamaso pa anthu. Farian yemweyu ndi amene anadzakonzanso Milli Vanilli, anyamata awiri aja amene analandidwa mphoto zitadziwika kuti sankaimba ndi iwo. Choncho nyimbo imene imatsegula Khirisimasi pa Kamuzu Road ndi ya mdzukulu wa akapolo, yoimbidwa ndi mayi wa ku Jamaica, yophikidwa ku Germany. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo. Mwina n'chifukwa chake imatikwana: inabwera ili kale ndi m'chiuno.

Akuluakulu ali ndi wawo. Tchulani dzina la Jim Reeves pamaso pa agogo amene anakhalako ndi wailesi m'zaka za m'ma 1970, muone mmene nkhope yawo isinthire. Reeves anali woimba wa ku Texas, ndipo chimbale chake cha Twelve Songs of Christmas chinatuluka mu 1963. M'menemo mulinso nyimbo ya Hairston ija. Iye anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville pa 31 Julayi 1964, pasanathe ndi mwezi womwe Malawi atalandira ufulu pa 6 Julayi. Khirisimasi yoyamba ya Malawi wodzilamulira inamupeza ali m'manda, koma mawu ake anali akungoyamba kumene ulendo wawo kuno.

Nanga munthu wa ku Texas anamera bwanji mizu m'dziko lino? Ine ndimaloza chala ku South Africa. Reeves anakaimba kumeneko mu 1962, anakajambulako filimu ya Kimberley Jim mu 1963, ndipo anaimbako nyimbo zina m'Chiafrikaans. Azungu akumeneko ankamukonda kwambiri, ndipo zimbale zake zinali mbwee m'masitolo a ku Johannesburg. Zaka zomwezo amuna akwathu anali kupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu ndi m'matauni a ku Rhodesia. Njanji inafika ku Salima mu 1935. Wobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, suti, bulangete, wailesi kapena galamafoni, ndipo galamafoni siyenda yopanda zimbale. Zimandipatsa maganizo kuti woimba amene ankasangalatsa mabwana a tsankho anadzakhala woimba wa pakhonde pa antchito awo. Kenako wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inamaliza ntchitoyo. Mpaka m'zaka za m'ma 1990 dziko lonse linkamvera wailesi imodzi, ndipo kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Chimbale chimene muulutsi wasankha ku Blantyre chinkamveka nthawi imodzi ku Chipoka, ku Lifuwu ndi ku Karonga, chaka ndi chaka, mpaka chinasanduka mwambo.

Anzanga ena kusukulu amaseka kuti tikuimbiranji za chipale chofewa thukuta lili kamukamu. Ali ndi mfundo, koma pang'ono chabe. Ngakhale "White Christmas" imene analemba Irving Berlin, n'kutchuka ndi Bing Crosby mu 1942, ili ndi ndime yoyamba imene oimba ambiri amaidumpha, ndipo m'ndimeyo woimbayo ali ku California kotentha, akungolakalaka kwawo kozizira. Ndi nyimbo ya munthu wosowa kwawo. Mtchona aliyense amaimva, ngakhale chipale sanachionepo.

Njira ya pamadzi ndi yakale kuposa apa. Amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. A UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo sitima zawo zinkayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. Kwa ife a ku Salima malo ofunika kwambiri ndi Mvera, pamwamba pa zitunda paja, pamene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa anatsegula mishoni mu 1889, m'dziko la mfumu Chiwere. Katundu wawo ankatsikira pa doko la Domira Bay, kuno kwathu, n'kukwera zitundazo pamitu ya anthu. Akatolika a White Fathers anafika ku Mua mu 1902 ndi nyimbo zawo za Chilatini ndi za Chifalansa. Mu 1916 mamishoni angapo a Chipulotesitanti anagwirizana n'kutulutsa buku limodzi la Nyimbo za Mulungu, limene agogo athu ambiri analiloweza ngakhale asanadziwe kuwerenga bwino.

Nyimbo za Khirisimasi zimene zinabwera pa njira imeneyi nazonso zinali zoyendayenda kale. Tengani "Silent Night", imene kwawo imatchedwa "Stille Nacht". Mawu ake analemba Joseph Mohr mu 1816, wansembe wachinyamata wa ku Austria, mwana wobadwira kunja kwa banja, wa mayi wosauka. Chaka chimenecho ku Ulaya kunali njala. Phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika mu 1815, phulusa lake linaphimba dzuwa, mbewu zinakanika, pomwe nkhondo za Napoleon zinali zitangotha kumene. Maimbidwe ake anapeka Franz Xaver Gruber, mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, ndipo awiriwa anaiimba koyamba pa 24 Disembala 1818 ku Oberndorf, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Salzach umene anthu ake ambiri ankadya za m'mabwato onyamula mchere. Anthu a pamadzi, m'nyengo ya njala: wa ku Salima amene amadziwa mmene nkhokwe imaonekera mu Disembala sangavutike kuwamvetsa. Nkhani yoti mbewa zinadya limba la m'tchalitchimo ndi nthano yokometsera imene inabwera pambuyo. Chotsimikizika n'chakuti usikuwo nyimboyi inaimbidwa ndi gitala, chida chimene m'mipingo ina kwathu kuno chinakhala zaka zambiri chikuonedwa ngati cha kumowa.

Ina ija ya angelo olengeza, "Hark! The Herald Angels Sing", ndi chigamba pa chigamba. Charles Wesley analemba mawu mu 1739, George Whitefield anawasintha, ndipo maimbidwe amene timawadziwa anapeka Felix Mendelssohn mu 1840 pa chikondwerero cha ku Leipzig chokumbukira Gutenberg ndi makina ake osindikizira mabuku. Mendelssohn mwiniwake ankaona kuti maimbidwewo sangagwirizane ndi mawu achipembedzo. Atamwalira, William Cummings anazilumikiza ziwirizo mu 1855, ndipo zinagwirana mpaka lero.

Zitafika m'Chinyanja, nyimbozi zinakumana ndi vuto limene aliyense amene anaimbako m'kwaya amalimva pakhosi ngakhale sanalitchulepo. Mzere wa nyimbo ya Chingerezi kapena Chijeremani nthawi zambiri umathera pa mphatikizo wamphamvu. Chichewa chimakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, ndipo liwu lililonse limathera pa lembo la liwu. Kuonjezera apo, chilankhulo chathu chili ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Omasulira anali ndi maimbidwe osasunthika, choncho chimene chinapindika ndi chilankhulo. N'chifukwa chake m'buku la nyimbo Mulungu amafupika kukhala Mlungu, mawu amadulidwa ndi tizizindikiro, ndipo mizere imathera pa "tu", "di" kapena "wo" amene ntchito yake ndi kungodzaza mpata. Palibe amene amayankhula chonchi pamsika. Komabe Chichewa chopindikachi tinachizolowera mpaka chinasanduka chilankhulo cha kupemphera, moti wina atachiwongola lero madandaulo oyamba angachokere kwa amayi a chigwirizano, osati kwa azungu.

Si amishoni onse amene anakhutira ndi kumasulira. Kumpoto, Donald Fraser wa ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, ankalimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo pa maimbidwe akwawo. Mayina a opekawo alipo: Mawelera Tembo, Peter Thole, Charles Chinula. Kuchigawo chapakati zinthu zinali zolimba, chifukwa ng'oma inkakumbutsa amishoni za gule wamkulu, amene ankalimbana naye. Kwa Akatolika chitseko chinatseguka pambuyo pa msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, umene mu 1963 unavomereza zilankhulo ndi maimbidwe a eni dziko pa Misa. Ng'oma ndi visekese zinalowa m'tchalitchi, ku Mua bambo Claude Boucher anatsegula KuNgoni mu 1976, ndipo ku Balaka Alleluya Band inayamba mu 1978, chaka chomwe chija Boney M inkajambula nyimbo yake.

Kuyambira pamenepo makwaya a m'midzi apeka nyimbo za kubadwa kwa Yesu zosawerengeka. Kwaya imene ndinakuliramo inali ndi zake zingapo zimene sizili m'buku lililonse, za mtsogoleri ndi ovomera, zoombera m'manja, zina zotengera mayendedwe a chimtali. Ndikafunsa kuti anapeka ndani, yankho limakhala lakuti tinaipeza, kapena inachokera kwa a kwaya ya uko. Za Mohr tikudziwa chaka, mudzi ndi chida chimene chinalira, ndipo mu 1995 kunapezeka pepala la nyimboyo lolembedwa ndi dzanja lake. Za nyimbo imene inapekedwa pansi pa mtengo wa mango makilomita khumi kuchokera kwathu, m'nthawi ya makolo athu omwe, tilibe dzina, tilibe chaka. Zina zinajambulidwa pa makaseti amene anatafunidwa kalekale. Za lero zili m'mafoni ndi m'mafulashi, pa mafayilo opanda dzina la wopeka, ndipo foni ikagwera m'nyanja zapita.

Wina anganene kuti umu ndi mmene nyimbo zathu zimakhalira, n'za gulu, sizifuna mwini. Ndimaimva mfundoyi, ndipo ili ndi kukoma kwake. Koma taonani zimene zimachitika nyimbo yopanda mwini ikawoloka nyanja yamchere.

Tom Colvin anali mmishoni wa ku Scotland amene anagwira ntchito ku Blantyre m'zaka za m'ma 1950, kenako ku Ghana, n'kubwereranso ku Malawi mu 1964, kumene anathandiza kukhazikitsa Christian Service Committee. Ankakonda maimbidwe a anthu amene ankakhala nawo, ndipo ankawalemba n'kuwaveka mawu a Chingerezi. Imodzi mwa nyimbo zimenezi ndi ya Khirisimasi, "That Boy-Child of Mary", yomangidwa pa maimbidwe a kuno ku Malawi, ya mtsogoleri ndi ovomera, imene nkhani yake ndi yopatsa mwana dzina monga timachitira kwathu. Nyimboyi inalowa m'buku la nyimbo la mpingo wa United Methodist ku America la mu 1989, ndi m'mabuku enanso. Disembala aliyense mipingo ya kutsidya kwa nyanja imaimba maimbidwe a ku Malawi, pomwe ambiri a ife sitinamvepo kuti nyimboyi iliko.

Sindikumuimba mlandu Colvin. Akanapanda iye mwina maimbidwewo akanatha ngati enawo, ndipo sanabise kumene anawatenga. Koma tsegulani tsamba la nyimboyo. Maimbidwe anapatsidwa dzina loti Blantyre. Pa mawu palembedwa Tom Colvin. Umwini wake, wa chaka cha 1969, uli m'manja mwa kampani ya Hope Publishing ya ku Illinois, ndipo wofuna kusindikiza mawuwo ndi kakonzedwe kake ayenera kupempha chilolezo kumeneko. Pamalo pamene pa "Silent Night" palembedwa Franz Gruber, pa nyimbo yopatsa mwana dzinayi pangolembedwa kuti maimbidwe ndi achikhalidwe cha ku Malawi.