Wulf Sachs ndi sing'anga wa ku Rooiyard

Anzanga, sabata ino tiyeni ku Joni, komwe agogo athu a ku Machinga ndi Balaka ankapita kukasaka ntchito.

Wulf Sachs anabadwira ku Lithuania mu 1893, n'kufika ku South Africa mu 1922. Ankatsatira njira ya Sigmund Freud: wodwala afotokoze maloto ndi za ubwana wake, dokotala azimvetsera. Nthawi imeneyo azungu ambiri ankati munthu wakuda amaganiza ngati mwana. Sachs, atapima odwala misala ku Pretoria, anakana: maganizo a munthu sayendera khungu.

Kenako anakumana ndi sing'anga wochokera ku Southern Rhodesia, wokhala m'zisakasa za Rooiyard, yemwe anamutcha John Chavafambira. Bambo a John atamwalira, mbale wawo analowa chokolo mayi ake, ndendende zomwe zinamugwera Hamlet m'sewero la Shakespeare. M'pomwe panachokera buku la Black Hamlet mu 1937.

Komatu chinkamudya John sichinali chakumtundu chokha ayi. Panali chitupa, apolisi, umphawi. Mu 1947 Sachs analikonzanso bukulo n'kulitcha Black Anger.

Ndiye mnyamata akatsika basi pa Liwonde kuchokera ku Joni mutu utasokonekera, tisathamangire kuti amulodza. Timufunse kaye zomwe waona kumeneko.